PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MAFUTA OUNDANA NDI MTIMA WA BANJA LANU

Mawu oyamba



Ndiyambe ndi chinthu chimene nonse munachionapo. M'mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, tikagona pa maliro kapena pa msonkhano timalawira kukatsuka mapoto a dzulo. Mukavundukula poto mmene munali nyama ya ng'ombe, mumapeza mafuta oyera atagwirana pamwamba pa msuzi, olimba ngati kandulo. Mukavundukula poto mmene munali chibwabwa chotendera simupeza zotere, chonsecho nsinjiro nazo zili ndi mafuta ambiri. Phunziro lathu lagona pa mapoto awiri amenewa.

Nkhaniyi inandifika pakhomo. Mkulu wanga anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 58, akuyanika zovala pa chingwe. Lero amayenda ndi ndodo ndipo dzanja lake lamanja siligwira mthiko. Pamene ndinali kumudwazika, adokotala anandiuza kuti nanenso ndiyezetse magazi. Anandipeza ndi mafuta ochuluka m'magazi, ngakhale sindinali kumva kupweteka paliponse. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa, ndipo zimene ndinaphunzira ndi zimene ndikugawana nanu.

Cholinga cha phunziro

Tikamaliza phunziroli, mayi aliyense adziwe kusiyanitsa mafuta oundana ndi mafuta amadzimadzi, adziwe chimene mafuta oundana amachita m'thupi, ndiponso adziwe choika m'malo mwake popanda kuonjezera ndalama zambiri za ndiwo.

1. Mafuta si amodzi

Thupi limafuna mafuta. Amatipatsa mphamvu ndipo amathandiza thupi kulandira mavitamini A, D, E ndi K. Choncho phunziroli silikunena kuti tileke mafuta. Likunena kuti tisankhe mtundu wake.

Mtundu woyamba ndi mafuta oundana. Pa mabotolo ndi pa mapaketi amawalemba kuti saturated fat. Ambiri amalimba akazizira. Timawapeza mu mafuta oyera a nyama ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhumba, m'chikopa cha nkhuku, mu soseji ndi poloni, mu batala, tchizi ndi kirimu, komanso m'mabisiketi, makeke ndi mapayi ogula. Palinso zomera ziwiri zimene mafuta ake ali m'gulu lomweli: mafuta a kanjedza wa mtundu wa palm, ndi mafuta a kokonati.

Mtundu wachiwiri ndi mafuta amadzimadzi, amene salimba ngakhale kuzizire. Awa ali mu mpendadzuwa, soya, nshawa, nthanga za maungu, makotapela, mungongo ndi nsomba.

Chakudya chilichonse cha mafuta chili ndi mitundu yonse iwiri, koma muyeso ndiwo umasiyana. Pa magalamu 100 alionse, mafuta oundana amakhala motere, mongoyerekeza: mafuta a kokonati, oposa 80, batala, 50, mafuta a ng'ombe, 50, mafuta a palm, pakati pa 45 ndi 50, mafuta a nkhumba, 40, mafuta a nshawa, 17, mafuta a soya, 15, mafuta a mpendadzuwa, 11.

Taonani kusiyana kwa palm ndi mpendadzuwa. Onse awiri timawatchula kuti saladi, onse amagulitsidwa m'mabotolo ofanana, koma ena ali ndi mafuta oundana ochuluka kanayi kuposa anzake.

2. Chimene chimachitika m'thupi

Ena amaganiza kuti mafuta amene tadya amapita kukaundana m'mitsempha monga amachitira mu paipi ya pa sinki. Sizili choncho kwenikweni. Nkhani imayambira m'chiwindi.

M'magazi mwa munthu aliyense muli chinthu chonga phula chotchedwa kolesterolo. Thupi limachifuna, ndipo chiwindi chimapanga chambiri chokha. Kolesterolo imayenda m'magazi itanyamulidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo tina mwa ito timatchedwa LDL. Ntchito ina ya chiwindi ndi kuchotsa LDL yotsala m'magazi. Tikamadya mafuta oundana ambiri, chiwindi chimachita ulesi pa ntchito imeneyi, ndiye LDL imachuluka. Ikachuluka imalowerera m'zipupa za mitsempha ya magazi ndi kuunjikana mmenemo chaka ndi chaka, mpaka njira ya magazi imachepa. Tsiku lina chounjikanacho chimang'ambika, magazi amagwirana pamenepo, njira n'kutsekeka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ina ya mtima imafa. Ukatsekeka wopita ku ubongo, ndiye sitiroko.

Zonsezi zimachitika mwakachetechete kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo ife amene tinasiya kusamba tidziwe kuti pa msinkhu umenewu LDL imakwera, ndipo chitetezo chimene tinali nacho tili atsikana chimachepa.

3. Kodi kuchepetsa kumathandizadi?

Monga mphunzitsi, ndimauza ana a sukulu kuti asamangovomera chinthu popanda umboni. Nawu umboni wa mitundu itatu.

Woyamba ndi wa gulu la akatswiri lotchedwa Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa zofufuza za madokotala ndi kuziunika pamodzi. M'chaka cha 2020 linaunika zofufuza 15, zokhudza anthu oposa 56,000. M'zofufuzazo anthu anagawidwa pawiri: ena anachepetsa mafuta oundana kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, ena anapitiriza kudya monga kale. Anapeza kuti matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi anachepa ndi 17 pa 100 alionse pakati pa amene anachepetsa. Kunena kwina, pamene m'gulu losasintha munadwala anthu 100, m'gulu losintha munadwala pafupifupi 83. Anawerengeranso kuti anthu 56 akachepetsa mafutawa kwa zaka pafupifupi zinayi, mmodzi mwa iwo amapulumuka ku matenda amene akanamugwera.

Ndinene zoona zonse. Zofufuzazo zinachitika makamaka ku Ulaya ndi ku America, ndipo sizinaonetse kusiyana kwenikweni pa chiwerengero cha anthu omwalira m'zaka zochepa zimenezo. Chimene chinachepa ndi kudwala. Choncho si mankhwala odabwitsa ayi. Komabe mayi amene anadwazikapo munthu wa sitiroko, kumusambitsa ndi kumutembenuza usiku, akudziwa kulemera kwa munthu mmodzi ameneyo. Ndipo kumbukirani kuti mayi mmodzi saphikira pakamwa pake pokha.

Umboni wachiwiri ndi wa kuno ku Africa, pa chilumba cha Mauritius. Kumeneko anthu ambiri ankaphikira mafuta otsika mtengo amene boma linali kuyang'anira, ndipo mbali yaikulu ya mafutawo inali ya palm. M'chaka cha 1987 boma linasintha, n'kuyamba kupereka a soya. Pofika 1992, muyeso wa kolesterolo wa anthu akuluakulu unatsika kuchoka pa 5.5 kufika pa 4.7. Anthu sanaleke kukazinga. Chimene chinasintha ndi mafuta a m'botolo.

Umboni wachitatu ndi wa ku Finland, m'chigawo cha North Karelia. Anthu a kumeneko anali oweta ng'ombe za mkaka monga anzathu a kuno ku Southern Province, ndipo batala, kirimu ndi nyama yonona zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Amuna ankafa ndi mtima ali ndi zaka za m'ma 40 ndi 50, kuposa pafupifupi kwina kulikonse pa dziko lapansi. M'chaka cha 1972 ntchito yosintha kadyedwe inayamba, motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata, Pekka Puska. Amene anathandiza kuilowetsa m'makhitchini ndi bungwe la azimayi lotchedwa Martha, limene linkasonkhanitsa amayi m'midzi ndi kuwaphunzitsa kuphika ndi masamba ambiri ndi mafuta ochepa a nyama. Patapita zaka 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi 80 pa 100 alionse, ngakhale kuposerapo. Si mafuta okha anachititsa izi: anthu analekanso fodya, anachepetsa mchere, ndipo mankhwala abwino anafika. Koma kutsika kwa kolesterolo kunali ndi gawo lalikulu. Amayi anzanga, ntchito imeneyo inagwiridwa ndi azimayi osonkhana m'magulu monga mmene ife timasonkhanira.

4. Kodi iyi si nkhani ya azungu?

Kale tinkatero, koma lero ayi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anamwalira ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kuno kwathu, Unduna wa Zaumoyo unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'chaka cha 2017 pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi BP yokwera, mayi mmodzi mwa atatu alionse anali wonenepa kupitirira muyeso, ndipo anthu 9 mwa 10 alionse sanali kudya zipatso ndi masamba okwanira.

Kadyedwe kathu kasintha ife tikuona. Amayi athu kumudzi ankatendera ndiwo, nyama inali ya pa Khirisimasi kapena ya mlendo. Lero mu tauni, mukayenda pa msika wa Maramba kapena m'misewu ya ku Dambwa ndi Libuyu, muona vitumbuwa, tchipisi, soseji ndi michopo paliponse. Tafika poyesa ulemu wa mayi ndi saladi woyandama pa ndiwo, ndipo ndiwo zotendera tikuziona ngati za osauka. Chipatala chachikulu cha matenda a mtima, National Heart Hospital, chili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 450 kuchokera kuno. Khitchini yanu ili pafupi kuposa pamenepo.

5. Muyeso wake ndi wotani?

M'chaka cha 2023, WHO inalangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yonse imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa mayi wamkulu wogwira ntchito zapakatikati, amenewa ndi magalamu pafupifupi 22. Supuni yaikulu imodzi ya batala ili ndi magalamu 7, ndipo ya mafuta a palm ili ndi pafupifupi omwewo. Masupuni atatu okha, muyeso wa tsiku wakwana, musanadye nyama kapena bisiketi.

Tiyeni tichite samu imodzi. Banja la anthu 6 limatha botolo la saladi la 750 ml pa sabata. Ngati saladiyo ndi wa palm, munthu aliyense akudya magalamu pafupifupi 7 a mafuta oundana pa tsiku kuchokera m'botolomo. Ngati ndi wa mpendadzuwa, akudya osakwana magalamu 2. Ndiwo ndi zomwezo, poto ndi yemweyo, koma mitima ikulandira zosiyana.

6. Chofunika koposa: muika chiyani m'malo mwake?

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Mayi amaleka nyama yonona, koma chifukwa cha njala amaonjezera mitanda ya nsima yoyera, buledi woyera, tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa zotsekemera. Akatswiri apeza kuti kusinthanitsa mafuta oundana ndi shuga kapena ufa woyeretsa sikuthandiza mtima kwenikweni. Phindu limabwera pamene m'malo mwake mwalowa mafuta amadzimadzi a zomera ndi a nsomba, kapena zakudya za gaga monga nsima ya mgaiwa kapena ya roller meal, nyemba, khobwe, nzama, masamba ndi zipatso.

Choncho lamulo lathu likhale ili: tichotse oundana, tiike amadzimadzi. Zoika m'malo tili nazo kale: nsinjiro, chiponde, nthanga za maungu, makotapela, mungongo umene anzathu a kuno amaphikira ndiwo, nsomba za mu Zambezi ndi kapenta wa ku Kariba.

7. Zochita m'khitchini

(a) Werengani botolo la saladi musanagule. Safunsa anadya phula. Mawu akuti vegetable oil okha sakuuzani chomera chake. Yang'anani pamene alemba zosakaniza: ngati pali palm kapena palm olein, ndiye ndi wa mafuta oundana ambiri. Ngati thumba likulola, sankhani wa sunflower kapena soya. Amene mumagula saladi wopimitsa m'timapulasitiki, muyeseni m'nyengo yozizira: akachita mbuu ndi kulimba m'mawa, nthawi zambiri ndi wa palm.

(b) Pimani saladi ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Ngakhale mafuta abwino amanenepetsa akachuluka. Kupima kumathandizanso kuti botolo likhalitse, ndipo ndalama yotsalayo ingakwanire kusiyana kwa mtengo.

(c) Dulani mafuta oyera pa nyama musanaphike. Nyama yonona kapena vimbombo, phikani madzulo, zizizire, m'mawa muyengule mafuta a pamwamba ndi kuwataya. Musawasunge kuti mukazingire rape.

(d) Akulu achotse chikopa cha nkhuku. Soseji ndi poloni zikhale za apo ndi apo, chifukwa zili ndi mafuta oundana ndi mchere wambiri.

(e) Bwezerani ndiwo zotendera pa tebulo kawiri kapena katatu pa sabata. Sankhani nshawa bwino, mutaye zonse zachuku ndi zofota, chifukwa chuku cha nshawa chimaononga chiwindi.

(f) Nyemba ndi nsomba zilowe m'malo mwa nyama masiku ena. Nsomba yootcha kapena yophika ndi tomato ndi anyezi iposa yomira mu saladi. Kapenta wouma mutsukeni kuti mchere uchepe.

(g) Pa buledi pakani chiponde kapena kotapela m'malo mwa batala kapena majarini wolimba. Mu tiyi thirani mkaka weniweni, chifukwa ufa woyera wothira mu tiyi umene si mkaka nthawi zambiri umapangidwa ndi mafuta a palm.

(h) Musakazingire mafuta amodzimodzi kambirimbiri mpaka kuda. Amayi amene mumagulitsa vitumbuwa, ndikudziwa kuti bizinesi imeneyi ndiyo imalipirira ana sukulu. Sindikunena kuti muleke. Koma sefani mafuta, muwasinthe akayamba kuda ndi kuchita thovu, ndipo yesani kuika pambali pake nshawa zokazinga, chimanga chophika kapena kandolo.

Ena mudzati, "Abambo kunyumba sangalole." Ndi zoona, pakamwa pamazolowera. Musasinthe zonse tsiku limodzi, ndipo musalengeze. Chepetsani supuni imodzi sabata ino, ina mwezi wamawa, muonjezere tomato, anyezi ndi adyo kuti ndiwo zikome. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwathu panapita miyezi abambo asanazindikire kuti saladi ndinasintha.

8. Chenjezo

Ana osakwana zaka 2 amafuna mafuta kuti akule bwino. Musawamane, ndipo pitirizani kuyamwitsa. Odwala amene aonda, amayi oyembekezera ndi okalamba amene sakudya bwino atsate malangizo a ku chipatala. Mkaka ndi mabisi ndi zakudya zomanga thupi ndi mafupa. Kapu imodzi pa tsiku si mdani wanu.

Kusintha kadyedwe sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ngati anakupatsani mankhwala a BP, a shuga kapena otsitsa kolesterolo, pitirizani kumwa. Mwa anthu ena kolesterolo yokwera ndi ya kumtundu, ndipo chakudya chokha sichingaitsitse mokwanira. Munthu woonda nayenso angathe kukhala nayo. Njira yodziwira ndi kuyezetsa magazi basi, ndipo kwa anthu ambiri madokotala amafuna kuti nambala yake ikhale pansi pa 5. Mafuta ndi mbali imodzi chabe: mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku pa munthu, fodya alekedwe, ndipo thupi liziyenda.

Pomaliza, dziwani zizindikiro zofuna kuthamangira ku chipatala nthawi yomweyo: kupweteka kapena kulemera pa chifuwa kofika ku dzanja, ku khosi kapena ku nsagwada, kubanika ndi thukuta lozizira, kukhota kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi, kulephera kulankhula bwino. Kwa azimayi, nthawi zina vuto la mtima limabwera ngati kutopa kwakukulu, mseru kapena kupweteka kwa msana. Musadikire kuti kuche.

Mafunso okambirana

1. Ndi zakudya ziti za mafuta oundana zimene zimapezeka kawirikawiri pa nyumba panu?

2. Chifukwa chiyani timaona ndiwo za saladi wambiri ngati ulemu, ndipo zotendera ngati umphawi? Maganizo amenewa tingawasinthe bwanji pophunzitsa atsikana olowa m'banja?

3. Tikamaphikira misonkhano, maukwati ndi maliro, ndi zinthu ziwiri ziti zimene tingasinthe popanda kuchititsa alendo manyazi?

4. Ndi angati pakati pathu amene anayezetsa BP chaka chino? Kodi tingapemphe anamwino a mu mpingo mwathu kuti adzatiyeze pa tsiku la Chigwirizano?

Ntchito ya kunyumba

Mayi aliyense abwere ndi botolo kapena chikutiro cha saladi amene amaphikira pa kukumana kotsatira, kuti tidzawerenge pamodzi zimene zalembedwapo. Amene maso avuta, anzanu adzakuwerengerani.

Mawu otsiriza

Mkulu wanga amandifunsa nthawi zina kuti, "Mng'ono wanga, bwanji zimenezi sitinazidziwe kale?" Sindinganene kuti mafuta okha ndiwo anamugwetsa, pakuti analinso ndi BP imene sanali kuidziwa. Koma ife tsopano tadziwa. Amuna athu, ana athu ndi adzukulu athu amadya chimene dzanja lathu laika m'poto. Mukadzavundukula poto m'mawa wozizira ndi kuona mafuta oyera aja atagwirana, muwayengule, ndipo tsiku limenelo musinje nshawa.